Agogo Akayamba Kuiwala: Ndi Matenda a Ubongo, Si Ufiti

Phunziro la m'magulu a amayi
Zowerenga: Rute 1, Yohane 19:25-27

Phunziro la mwezi uno likukhudza khomo lililonse limene pali munthu wachikulire. Tikamayendera odwala m'midzi ya kuno ku Chigwa cha Shire, kuyambira kwa Chapananga mpaka ku Marka, timamva madandaulo ofanana. Wina akuti, "Apongozi angodya kumene, koma akuuza anthu kuti ndikuwamana nsima." Wina akuti, "Bambo anga anapita kudimba limene alima zaka 40, koma pobwera njira inawasokonekera." Winanso akuti, "Amayi akundifunsa kuti ndine mwana wa yani." Pakhomo pakachitika zotere ena amati ndi ukalamba basi, ena amati ndi mwano, ndipo ena amayamba kunong'ona za ufiti. Cholinga chathu lero ndi chakuti tidziwe kuti awa ndi matenda, tidziwe kasamalidwe kake, ndipo tiwauze anthu a m'mudzi tsoka lisanagwe.

Matendawa ndi otani?

Azachipatala amawatcha dementia. Ndi matenda amene amawononga ubongo pang'onopang'ono, mpaka munthu amalephera kukumbukira, kuganiza bwino, kupeza mawu oyenera ndi kudzisamalira. Alipo a mitundu ingapo. Ofala kwambiri ndi a Alzheimer, amene anatenga dzina la dokotala wa ku Germany, Alois Alzheimer. M'chaka cha 1901 dokotalayu anayamba kusamalira mayi wa zaka 51, Auguste Deter, pachipatala china mu mzinda wa Frankfurt. Mayiyu ankaiwala zinthu, ankasokera m'nyumba mwake momwe, ndipo ankakayikira mwamuna wake popanda chifukwa. Atamwalira mu 1906, dokotalayo anapima ubongo wake ndipo anaupeza utafota, muli zinthu zoundana zimene zinapha maselo ake. Taonani kuti chinthucho chinaoneka ndi maso, monga mmene chimaonekera chifuwa chachikulu m'mapapo.

Mtundu wina umene tiyenera kuudziwa kuno kwathu umabwera chifukwa mitsempha yopititsa magazi ku ubongo yawonongeka, makamaka mwa anthu a BP, a shuga, ndi amene anadwalapo sitiroko.

Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO likuti anthu oposa 55 miliyoni ali ndi dementia, ndipo oposa 60 pa 100 alionse mwa iwo amakhala m'mayiko osauka ndi ongotukuka kumene. Choncho si matenda a azungu ayi. Amagwira mphunzitsi, msodzi, mfumu, wansembe ndi namwino yemwe. Sapatsirana. Mungathe kudyera mbale imodzi ndi wodwalayo popanda vuto.

Kuiwala wamba ndi kuiwala kwa matenda

Tonsefe timaiwala. Kuiwala pamene waika mpeni, n'kudzaukumbukira madzulo, ndi kuiwala wamba. Koma kuugwira mpeniwo osadziwa ntchito yake, amenewo ndi matenda. Kuiwala dzina la mdzukulu kwa kanthawi si chachilendo. Kumuthamangitsa mdzukuluyo ngati wakuba ndi chizindikiro. Nazi zina zofunika kuziyang'anira:

1. Kufunsa funso limodzimodzi kambirimbiri pa tsiku.
2. Kulephera ntchito imene ankaidziwa bwino, monga kuphika nsima, kuluka mkeka kapena kuwerenga chenji pamsika.
3. Kusokera m'njira zozolowera.
4. Kubisa zinthu, n'kumanena kuti wina waba.
5. Kusintha khalidwe: munthu wofatsa kuyamba kutukwana, munthu waukhondo kukana kusamba.
6. Kukumbukira bwino zakalekale koma kuiwala za m'mawa uno.

Chachisanu ndi chimodzichi chimapusitsa ambiri. Abale ochokera ku Blantyre akabwera, agogo amawalongosolera bwinobwino za nthawi ya msonkho ndi za ulendo wa pasitima, ndiye alendowo amabwerera akunena kuti, "Agogo ali bwino, vuto ndi mpongoziyu." Koma matendawa ndi mmene alili. Amayamba kufufuta zatsopano, zakale n'kumatsala. N'chifukwa chakenso mayi amene wakhala akulankhula Chichewa zaka zambiri amatha kubwerera ku Chisena cha ubwana wake, kapena kumanga katundu kuti akupita kwawo ku Mutarara kumene anachokako kalekale.

Pitani nawo kuchipatala msanga

Mankhwala ochiziratu matenda a Alzheimer sanapezeke. Komabe tikupempha kuti banja lisakhale pansi, chifukwa pali matenda ena amene amasokoneza mutu mofananamo koma amachizika.

Ngati munthu anali bwinobwino dzana, lero wasokonezeka, akuona zinthu zimene palibe kapena akungogona, musachedwe. Dementia imabwera mwa miyezi ndi zaka, osati usiku umodzi. Kusokonezeka kwadzidzidzi mwa okalamba kawirikawiri kumachokera ku malungo, chibayo, matenda a m'chikhodzodzo, kuchepa kwa madzi m'thupi, kapena kutsika kwa shuga. Tsiku lomwelo apite kuchipatala.

Chachiwiri ndi matenda osowa zakudya m'thupi otchedwa pellagra. Ife amene tinagwira unamwino kuno tikukumbukira chaka cha 1990, pamene anthu oposa 17,000 mwa abale athu othawa nkhondo ya ku Mozambique, ambiri a iwo m'misasa ya ku Nsanje, anadwala matendawa mtedza utasiya kugawidwa, anthu n'kumadalira ufa wa chimanga. Khungu limada ndi kusuwa m'khosi ndi m'manja mmene mumawomba dzuwa, munthu amatsegula m'mimba, ndipo mutu umasokonezeka. Gogo wokhala yekha amene amangodya nsima ya ufa woyera ndi ndiwo zochepa angathe kudwala chimodzimodzi, ndipo amachira akalandira mankhwala ndi zakudya monga mtedza, nyemba ndi nsomba.

Chachitatu, kachilombo ka HIV kamathanso kukhudza ubongo ngati munthu sakumwa ma ARV. Okalamba nawonso ayezedwe. Chachinayi ndi kukhumudwa kwakukulu, monga kumene kumabwera munthu akaferedwa. Chachisanu, gogo wosamva bwino kapena wa ng'ala m'maso amaoneka ngati wosokonezeka pamene akungofuna thandizo la makutu kapena la maso.

Yambirani kwa mlangizi wa zaumoyo wa m'dera lanu kapena pachipatala chaching'ono. Akatha kukutumizani ku chipatala cha boma cha Chikwawa kapena cha Nsanje, ku St Montfort ku Nchalo, ku Trinity ku Muona, ndipo pakafunika, ku Queen Elizabeth ku Blantyre. Apite ndi munthu amene amagona nawo nyumba imodzi, chifukwa ndiye angafotokoze zimene zimachitika usiku. Tengani buku la kuchipatala ndi mankhwala onse amene akumwa, ndi achikuda omwe.

Chifukwa chiyani amanamiziridwa ufiti?

Apa ndiye tikhazikike, chifukwa pagona moyo wa munthu. Taganizani zimene anthu amati ndi umboni wa ufiti: kupezeka usiku pakhomo pa eni, kukhala wosavala, kupezeka kumanda m'bandakucha, kulankhula ndi anthu amene anamwalira, kuvomera ukafunsidwa. Tsopano tiyeni tizione chimodzichimodzi ndi maso a chipatala.

Wodwala matendawa sasiyanitsa usiku ndi usana. Amadzuka pakati pa usiku poganiza kuti kwacha, akuti apite kukatunga madzi, ndipo akatuluka sadziwanso khomo lake. Amavula chifukwa kwatentha, monga kumatenthera kuno mu Okutobala, ndipo mbali ya ubongo imene imatiuza za manyazi yawonongeka. Amalowera kumanda chifukwa akufunafuna mwamuna wake kapena mayi ake, kapena wangotsata njira imene mapazi apeza. Amaitana akufa chifukwa m'mutu mwake iwo adakali moyo. Ndipo gulu la anthu likamuzungulira ndi zibonga n'kumakuwa kuti, "Wabwera pa ndege eti? Unadya mwana uja ndiwe?" iye amangoti inde. Samvetsa funsolo. Ali ndi mantha, ndipo amavomera chilichonse monga achitira mwana wamng'ono. Kuvomera kotere si umboni wa kanthu.

Tikudziwa kumene mphekesera zotere zimathera. Mu Januwale 2016, okalamba anayi anaphedwa ku Neno powaganizira kuti anachititsa imfa ya mtsikana amene anawombedwa ndi mphezi. Bungwe la MANEPO, limene limayankhulira anthu achikulire, lakhala likudandaula chaka ndi chaka za okalamba ophedwa ndi ozunzidwa pa nkhani zotere. Sikuti onse onamiziridwa ali ndi matendawa, koma amene ali nawo ndiwo ali pangozi yoposa, popeza sangathe kudziyankhira.

Tidziwenso lamulo. Lamulo la za ufiti la 1911 limaletsa kuloza munthu chala kuti ndi mfiti. Wolozayo ndiye wapalamula. M'chaka cha 2024 Nyumba ya Malamulo inavomerezanso lamulo loteteza anthu achikulire. Wina akayamba kuopseza gogo, nkhaniyo ipite msanga kwa mfumu ndi ku polisi, osadikira kuti anthu asonkhane.

Koma chitetezo chachikulu ndi kulankhula msanga. Mabanja ambiri amabisa chifukwa cha manyazi, ndiye tsiku limene agogo apezeka pakhonde la eni usiku, palibe amene akudziwa kuti amadwala. Adokotala akangonena, pitani kwa nyakwawa, kwa anansi, kwa achitetezo a m'mudzi ndi kwa atsogoleri a mipingo yonse ya m'deralo, mukanene poyera kuti, "Mayi athu akudwala matenda oiwala. Mukawaona akuyenda okha, usana kapena usiku, agwireni dzanja mubwere nawo kwathu." Mudzi umene wauzidwa umabweza gogo kunyumba. Mudzi umene sunauzidwe umatola miyala.

Kasamalidwe ka tsiku ndi tsiku

Kulankhula nawo. Bwerani chakutsogolo, khalani pansi molingana nawo, dzitchuleni dzina. Nenani chinthu chimodzi pa nthawi. Musawayese mayeso akuti, "Ndine yani? Mwaiwala?" chifukwa zimangowachititsa manyazi ndi ukali. Musakangane nawo. Akanena kuti sanadye, musawasonyeze mbale n'kumati akunama, nenani kuti, "Chabwino amayi, imwani kaye kathobwa aka." Akamafunsa mwamuna wawo amene anamwalira kale, kuwauza za imfayo tsiku lililonse ndi kuwaliritsa maliro atsopano tsiku lililonse. Ndi bwino kunena kuti, "Mwawasowa eti? Tandiuzani, munakumana kuti?" Akakunenani kuti mwaba ndalama, dziwani kuti akulankhula ndi matenda. Phunzirani malo amene amabisako zinthu, muwathandize kufufuza.

Ulemu usachoke. Ngakhale mukuwadyetsa ndi kuwasambitsa, iwo si mwana. Aitaneni monga munkawaitanira kale. Akuluakulu anati mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo.

Ndondomeko. Kudzuka, kusamba, kudya ndi kugona zizichitika nthawi yofanana tsiku lililonse, ndipo mphasa yawo isamasunthidwesunthidwe. Apatseni kantchito kamene manja awo akukadziwa: kusola mtedza, kutongola chimanga, kusankha nyemba. Nyimbo zakale zimakhalitsa m'mutu ngakhale mawu ena atathawa, choncho imbani nawo. Ambiri amavuta kwambiri dzuwa likamalowa. Nthawi imeneyo chepetsani phokoso, yatsani nyali msanga, ndipo wina akhale nawo pafupi.

Kudya ndi kumwa. Kuno kwathu kutentha kumapitirira madigiri 40 m'miyezi ya Okutobala ndi Novembala, ndipo wodwalayu sakumbukira kupempha madzi. Musadikire kuti anene ludzu. Apatseni kapu m'manja kawirikawiri, kaya ndi madzi, thobwa, kapena madzi a malambe. Mkodzo ukakhala wochepa ndi wachikasu kwambiri, madzi achepa m'thupi. Chakudya chikhale chofewa, pang'onopang'ono koma kangapo: phala la mtedza, mbatata, nthochi, nsomba yochotsa minga. Adye atakhala tsonga, osati chogona, kuopa kutsamwa.

Kusamba ndi kuchimbudzi. Aperekezeni kuchimbudzi pa maola awiri kapena atatu alionse, ndipo usiku ikani chitini pafupi. Akadziipitsira musawakalipire, makamaka pamaso pa ana. Posamba afunditseni chitenje kuti asachite manyazi. Abambo asambitsidwe ndi ana awo aamuna kapena abale aamuna ngati alipo. Akafika pongogona, atembenuzeni pa maola awiri alionse ndipo pogona pakhale pouma, kuti asachite zilonda m'chiuno ndi m'zidendene.

Ngozi. Moto, mbaula, parafini, mankhwala a thonje ndi a makoswe zikhale kutali. Mankhwala awo asunge ndi munthu mmodzi, chifukwa iwo angathe kumwa kawiri. Asapite okha kumtsinje kapena kudambo. Tonse tikudziwa za ng'ona za mu Shire. Sokererani kansalu m'zovala zawo kolembapo dzina, mudzi ndi nambala ya foni ya mwana wawo. Mangirirani kabelu kapena zitini pachitseko kuti mumve akamatuluka usiku. Koma musawamange chingwe, musawatsekere okha m'nyumba tsiku lonse, ndipo musawamenye. Amene amayenda mokwanira masana ndi mdzukulu amagona bwino usiku.

Madzi osefukira. Tinaona mu Januwale 2015, ndiponso pa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, mmene madzi amabwerera mwadzidzidzi. Munthu woiwala samva chenjezo, ndipo amatha kukana kutuluka m'nyumba. Mvula isanayambe, banja ligwirizane kuti wonyamula agogo ndani, ndipo asamutsidwe oyambirira. Buku la kuchipatala ndi mankhwala zikhale m'jumbo pamalo odziwika. Kumsasa amasokonezeka koposa chifukwa malo ndi achilendo, choncho asasiyidwe okha, ndipo oyang'anira msasa auzidwe.

Chuma chawo. Pali abale ena amene amapezerapo mwayi wodindiritsa chala cha gogo pa mapepala a munda, kapena kudya ndalama zake za Mtukula Pakhomo. Nkhani za minda ndi ziweto zikambidwe matenda asanakule, mwini wake akadatha kunena maganizo ake, pamaso pa mboni.

Wosamalira nayenso ndi munthu

Bungwe la WHO likuti pa maola onse amene amathera posamalira odwala matendawa, pafupifupi 70 pa 100 alionse amagwira ndi amayi. Ife sitikudabwa. Pakati pa Amang'anja mtolowu umagwera mwana wamkazi. Pakati pa Asena, kumene mkazi amakakhala kwa mwamuna, umagwera mpongozi. Nthawi zina umagwera mdzukulu wamkazi, amene amasiyira sukulu panjira. Matendawa amatha kutenga zaka zambiri. Mayi ameneyu sagona tulo tokwanira, dimba lake limamera thengo, geni yake imagwa, kumaliro ndi kutchalitchi saonekanso. Pamwamba pa izo, wodwalayo amamunena kuti ndi wakuba, ndipo abale akutali amakhulupirira.

Tawerenga za Rute, amene sanawasiye apongozi ake a Naomi. Koma tisagwiritse ntchito nkhaniyi ngati chikwapu chokwapulira mpongozi wotopa. Pa mtanda, Ambuye anaonetsetsa kuti amayi awo ali ndi wowasamalira, ndipo amene anapatsidwa udindowo anali mwamuna. Ana aamuna asamangotumiza ndalama pa foni n'kumati athana nazo. Abwere, agone usiku umodzi kapena uwiri, aone okha.

Kwa inu amene mukusamalira tikuti: kutopa si tchimo, ndipo kupsa mtima nthawi zina sikutanthauza kuti mulibe chikondi. Mukaona kuti dzanja likufuna kunyamuka, tulukani panja, itanani mnansi. Ngati simukugona, simukudya, kapena mukungolira, inunso pitani kuchipatala. Kulira munthu amene adakali moyo koma sakukudziwaninso ndi chisoni chenicheni, ndipo n'choyenera kuchinena kwa anzanu.

Zimene gulu lathu lingachite

Mutu umodzi susenza denga. Gulu lililonse lingathe kuyamba ndi izi:

1. Kudziwa makomo a m'dera lathu amene muli wodwala wotere, kaya ndi a mpingo wathu kapena ayi, mwachilolezo cha eni ake.
2. Kupangana masiku, kuti amayi awiri azikakhala ndi wodwala theka la tsiku pa sabata, wosamalira apite kumsika, kudimba, kapena angogona. Azipita anthu omwewomwewo, kuti nkhope zizolowereke.
3. Popita tinyamule chogwirika: sopo, nkhuni, ndowa ya madzi, zitenje zakale zoyalira.
4. Kuperekeza banja kwa nyakwawa pokafotokoza za matendawa, ndi kuima nalo ngati manong'onong'o ayamba.
5. Kuwasungira malo m'tchalitchi. Gogo akayankhula mokweza pakati pa mapemphero, tisamutulutse. Wina akhale pambali pake.
6. Kupempha azaumoyo kuti adzalankhule kumudzi pa 21 Sepitembala, tsiku lokumbukira matenda a Alzheimer padziko lonse.

Nanga ifeyo?

Palibe angalonjeze kuti sadzadwala, pakuti chachikulu chimene chimabweretsa matendawa ndi zaka. Koma mu 2024 akatswiri a magazini ya zachipatala ya Lancet anasonyeza kuti pafupifupi theka la matendawa lingapewedwe kapena kuchedwetsedwa posamala zinthu 14. Zina mwa izo zili m'manja mwathu: kuyezetsa BP ndi shuga ndi kumwa mankhwala mosadukiza, kuchepetsa mchere, kupewa fodya ndi kachasu, kuthandizidwa makutu ndi maso akayamba kuvuta, kuvala chipewa choteteza mutu pa njinga yamoto, kugwira ntchito zolimbitsa thupi, kucheza ndi anthu, ndi kusunga ana athu pasukulu. Tiyeninso tiwauze ana athu lero zimene tikufuna adzatichitire, tikadatha kulankhula. Paja chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Mafunso okambirana

1. Kodi m'mudzi mwathu munthu wachikulire akapezeka akuyenda usiku, anthu amayamba kunena chiyani? Ife timayankha bwanji?
2. Ndi zizindikiro ziti zimene zikutiuza kuti gogo apite kuchipatala tsiku lomwelo?
3. N'chiyani chimalepheretsa mabanja kuulula matendawa? Tingawathandize bwanji?
4. Tingalankhule motani ndi abambo ndi anyamata athu kuti atengepo mbali?
5. Ndi mayi uti amene wasiya kubwera ku gulu chifukwa akusamalira wodwala? Ndani apite kwawo sabata ino, ndipo tsiku liti?

Mlembi alembe mayina a amene adzipereka pa funso lachisanu, ndipo adzatiuze mmene ayendera pa msonkhano wa mwezi wamawa.